Tchalitchi cha São Domingos ku Lisbon, makoma opserera ndi zomwe zinachitika pabwalo lake

Pakati pa tauni ya Lisbon, likulu la Portugal lija lili pomwe mtsinje wa Tejo umathira m'nyanja ya Atlantic, pali bwalo lalikulu lomwe aliyense amangoti Rossio. Pakona pake chakumpoto pali kabwalo kena kakang'ono, nde pamenepo mpomwe pali tchalitchi cha São Domingos. Kunja kwake sichikopa maso kwenikweni, chinapanikizika pakati pa nyumba za mashopu moti utha kudutsa osadziwa kuti wadutsa pakhomo pomwe mafumu a dzikolo ankalowera pokamangitsa ukwati. Koma mkati ndi nkhani ina. Zipilala zake ndi zakuda bii, zong'aluka, pena mwala unachita kuphulika nkugwa nkusiya dzenje, ziboliboli zina za anthu oyera zinatsala zopanda manja zina nkhope inadyeka, pomwe denga lokha ndi losalala bwinobwino lopakidwa penti wofiirira ngati dothi la katondo. Ndipo si bwinja ayi, ndi parishi yamoyo, Misa imachitika, anthu amagwada kupemphera kolona, makandulo amayaka mmunsi mwa miyala yopserera yomweyo.

Kupserera kumeneku ndi kwa moto wa pa 13 Ogasiti 1959. Ndanena msanga dala chifukwa anthu ambiri akaona zithunzi zake pa intaneti nkumvanso kuti pamalopa panaphedwa anthu, amathamangira kunena kuti eee ndiye Mulungu anabwezera. Ine maganizo amenewo sindigwirizana nawo, ndipo mbiri ya tchalitchichi ndi yomwe imandikanitsa, poti anthu ambiri omwe anafera pabwalo limeneli anafa chifukwa wina anaona tsoka lagwa mumzinda nkuyamba kufunafuna woti amuloze chala kuti wakwiyitsa Mulungu ndi uyu.

Tiyambe ndi eni ake. Chipani cha ansembe a Dominican chinayambitsidwa ndi Dominic wa ku Spain, Papa Honorius III anachivomereza mu 1216, ndipo ntchito yawo yaikulu inali kulalika ndi kuphunzitsa. Amonke akale ankakonda kukamanga kutali kuthengo, kulima minda yawo nkumapemphera kwaokha, koma awa ayi, ankafuna pomwe pali anthu, pamsika, pachipata cha mzinda. Nthawi imeneyo Lisbon inali isanakwanitse ndi zaka 100 zomwe ili mmanja mwa Akhristu, poti mfumu Afonso Henriques inalanda mzindawu kwa Asilamu mu 1147, nde mu 1241, mu ulamuliro wa Sancho II, nyumba ya ansembewa ndi tchalitchi chawo zinayamba kumangidwa. Malo omwe anapatsidwa anali kunja kwa linga lakale, kudambo, komwe timitsinje totsika mmapiri a mzindawo tinkakumana, moti madzi osefukira anawavutitsa kangapo. Afonso III, mng'ono wake wa Sancho yemwe anamulanda ufumu, ndi amene anapititsa ntchitoyo patsogolo, ndipo atamwalira mu 1279 anayamba waikidwa momwemo mafupa ake asanasamutsidwire ku Alcobaça. Mzinda unakula nkuchipeza tchalitchicho. Linga latsopano lomwe mfumu Fernando inamanga pakati pa 1373 ndi 1375 linachilowetsa mkati, ndipo mu 1492 chipatala chachikulu cha mfumu cha Todos-os-Santos chinayamba kumangidwa pamunda wa ansembe omwewo, pomwe lero pali Praça da Figueira.

Nde taganizani malo ake. Kutsogolo kuli Rossio, msika, pochitira zikondwerero, polangira olakwa anthu akuona. Mbali ina chipatala. Mbali ina nyumba yachifumu ya Estaus yofikira alendo olemekezeka. Kungotsetsereka pang'ono wafika kudoko. Wansembe woima pagome la São Domingos sankalankhula kwa mabwana okha, ankalankhula kwa amayi ogulitsa nsomba, onyamula katundu, amalinyero ongotsika kumene mzombo, akapolo otumidwa kukatunga madzi, ndipo mau onenedwa mmenemo ankafika mumzinda monse dzuwa lisanalowe.

Kuti timvetse za kuphedwa kwa anthu komwe kunachitika pabwaloli mu 1506 tibwerere kaye mmbuyo zaka 14. Mu 1492 mafumu a Spain, Ferdinand ndi Isabella, anathamangitsa Ayuda onse okana kubatizidwa, ndipo masauzande ambiri anawoloka malire kulowa mu Portugal komwe kunali kale Ayuda ena okhazikika. Manuel I atalowa ufumu mu 1495 anafuna kukwatira mwana wamkazi wa mafumu a Spain aja, nde akuchikazi anati ukwati ulipo pokhapokha Portugal nayo ichotse Ayuda. Mu Disembala 1496 Manuel analengeza kuti Ayuda ndi Asilamu atuluke m'dziko. Koma mumtima sankafuna kuwataya anthu amenewa, munali madotolo, amisiri, amalonda odziwa njira za ndalama, akatswiri a nyenyezi omwe nzeru zawo zinkathandiza oyendetsa zombo, nde anachita chinthu chankhanza zedi. Mu 1497 ana anakwatulidwa kwa makolo awo nkubatizidwa, akuluakulu anauzidwa kuti asonkhane ku Lisbon akakwere zombo, atafika zombo zokwanira panalibe, anawaunjika ku Estaus pafupi ndi São Domingos pomwepo nkuwabatiza mokakamiza, ena akuchita kukokedwa akulira. Kuyambira pamenepo boma linkawatchula kuti Akhristu atsopano, ndipo mfumu inalonjeza kuti kwa zaka 20 palibe adzawafufuze za chikhulupiriro chawo. Koma anansi awo sanawakhulupirire olo pang'ono, ndipo poti ena mwa iwo ankagwira ntchito yotolera misonkho ya mfumu, chidani chinali chitakhwima kale, chinkangodikira poyambira.

Chaka cha 1506 chinayamba moipa. Kunali chilala, chakudya chinakwera mtengo, mliri unkapha anthu tsiku ndi tsiku mpaka mfumu ndi nduna zake anachoka mumzinda kukakhala kutali. Otsala ankakhamukira mmatchalitchi kupempha mvula ndi chifundo. Ku São Domingos kunamveka mbiri yoti pa mtanda wina wa mu chapelo cha Yesu pakuoneka kuwala, anthu nkumati ndi chozizwitsa, Mulungu wayankha. Lamlungu pa 19 Epulo, patangotha sabata chichitikireni Pasaka, tchalitchi chitadzaza, munthu wina mwa Akhristu atsopano ananena kuti kuwalako kukuoneka kuti kukuchokera ku kandulo yoyaka pambali. Mlandu wake unali womwewo basi. Anamugwira tsitsi nkumukokera panja, kumumenya mpaka kufa, nkuwotcha mtembo wake pabwalo.

Zikanathera pomwepo bwenzi tikunena za munthu mmodzi. Omwe anasandutsa imfa imodzi kukhala chipolowe cha mzinda wonse ndi ansembe. Awiri a chipani cha Dominican anatuluka atanyamula mtanda nkumayenda mmisewu akufuula kuti ampatuko aphedwe, gulu nkumawatsatira, anthu amumzinda momwemo komanso amalinyero achilendo ochokera ku Holland, Zeeland ndi Germany omwe zombo zawo zinali padoko. Apa mpomwe umaonera kuti Lisbon inali doko, amalinyerowa analibe mnansi woti amuchitire manyazi, anapha, anafunkha katundu, kenako nkukwera zombo zawo ulendo. Kwa masiku atatu anthu ankathyoleredwa zitseko, kukokedwa mnyumba zawo, ena kuzulidwa mmatchalitchi momwe anathawira atakumbatira ziboliboli za oyera, nkuponyedwa pamoto womwe unasonkhedwa pa Rossio ndi mmbali mwa mtsinje, amoyo ndi akufa omwe, ana osawasiya. Ena omwe sanali Ayuda nkomwe anafera momwemo chifukwa mdani wawo anangowaloza. Damião de Góis, yemwe analemba mbiri ya ufumu wa Manuel, anati anthu oposa 1,900 anaphedwa, ndipo olemba ena amatchula nambala yokwera kuposa apo. Mwa ophedwawo munali João Rodrigues Mascarenhas, wotolera misonkho wodziwika kwambiri yemwe anali munthu wa kunyumba ya mfumu, gulu linachita kumusakasaka mpaka kumupeza.

Mfumu inakwiya, mbali ina chifukwa ulamuliro wake unanyozedwa poyera. Ansembe awiri aja anavulidwa unsembe nkuphedwa, anthu ena ananyongedwa, ena kulandidwa katundu, ndipo bungwe la amisiri lomwe linali ndi mau mu khonsolo ya mzinda, Casa dos Vinte e Quatro, linaimitsidwa. Mu 1507 Akhristu atsopano analoledwa kutuluka m'dziko ndipo ambiri anapitadi. Koma zilango za mzindawo sizinakhalitse, posakhalitsa zinthu zinabwerera mwakale. Ineyo chimandiwawa kwambiri nchakuti ophedwawo anali obatizidwa. Anawathira madzi mokakamiza nkuwatcha ana a mpingo, zaka 9 zokha nkupita, ansembe a mpingo womwewo nkukhala kutsogolo kwa owapha. Mkatolika aliyense ayenera kuidziwa nkhaniyi mmene ilili osaichepetsa.

Patapita zaka 30, zomwe gulu linachita mwachipolowe zinayamba kuchitika mwa lamulo. Mu 1536 mfumu João III inapeza chilolezo kwa Papa chokhazikitsa khothi la mpingo lofufuza za chikhulupiriro cha anthu, lotchedwa Inquisition, ndipo pambuyo pake likulu lake linadzakhala ku Estaus komwe kuja, mapazi ochepa kuchokera pakhomo la São Domingos. Kayendetsedwe kake kanali kotere, munthu ankakunenera mwachinsinsi, mwina kuti sudya nkhumba, mwina kuti umavala malaya ochapa Lachisanu madzulo kapena umasesa mnyumba nkuyatsa nyale tsiku limenelo, zomwe ankati ndi zizindikiro zoti ukutsatabe Chiyuda, iweyo nkugwidwa osauzidwa kuti wakunenera ndani, katundu wako yense nkulembedwa, nkukhala mndende miyezi kapena zaka ukukakamizidwa kuulula ndi kutchula anzako, pena ndi chizunzo chomwe. Wotchula anzake ankapepukidwa, nde mlandu umodzi unkabala milandu khumi, banja lonse nkuthera momwemo. Mapeto ake unali mwambo wapoyera wa auto-da-fé, woyamba ku Lisbon unachitika mu 1540. Oweruzidwa ankayenda pa mdipiti atavekedwa mikanjo yochititsa manyazi, makandulo ali mmanja, ulaliki nkuchitika, zigamulo nkuwerengedwa mmodzimmodzi kuyambira mmawa mpaka madzulo. Ambiri ankalandira ndende, zikwapu kapena kupirikitsidwira ku Brazil ndi ku Angola, koma ogamulidwa kuti afe ankaperekedwa kwa boma kuti liwawotche, poti khothi la mpingo silinkafuna kuoneka kuti lakhetsa lokha magazi. Miyambo yambiri yotereyi, makamaka chakumapeto, inachitikira mu São Domingos mwenimwenimo kapena m'bwalo lamkati la ansembe, ndipo zithunzi za nkhope za owotchedwa zinkapachikidwa mtchalitchimo kuti manyazi a banja lawo asathe. Mabanja ambiri omwe anathawa nthawi imeneyi ndi omwe anakayambitsa magulu a Ayuda achipwitikizi ku Amsterdam, Hamburg ndi mmizinda ya ufumu wa Ottoman.

Tsono pali mbali ina ya tchalitchi chomwechi yomwe ife a ku Africa tiyenera kuimva bwino. Kuyambira 1444, pomwe anthu 235 ogwidwa kugombe la kumadzulo kwa Africa anagawidwa padoko la Lagos kummwera kwa Portugal, zombo zinkabweretsa akapolo chaka ndi chaka. Kalembera wa 1551 anapeza akapolo 9,950 mu Lisbon ya anthu pafupifupi 100,000, ndiye kuti munthu mmodzi pa khumi aliwonse. Ankasenza katundu padoko, kupaka nyumba laimu, kugulitsa zakudya mmisewu, amayi ankatunga madzi pa Chafariz d'El-Rei, ena ankasenza pamutu zonyansa za mnyumba za mabwana kukataya kumtsinje. Akamwalira ambiri ankangotayidwa pamtunda agalu nkumadya, mpaka mu 1515 mfumu Manuel inalamula kuti kukumbidwe dzenje lalikulu loti aziponyamo mitembo yawo nkumathira laimu. Msewu wa Poço dos Negros, kutanthauza Dzenje la Anthu Akuda, ulipobe mumzindamo mpaka pano.

A Dominican ndi omwe ankafalitsa kwambiri pemphero la kolona, ndipo ku São Domingos kunali bungwe la Amayi Maria a Kolona kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Anthu akuda, akapolo ndi omasulidwa omwe, analowa mu bungweli mwaunyinji, moti pofika 1551 linali litagawika pawiri, la azungu ndi la anthu akuda, ndipo mu 1565 la anthu akuda linali ndi malamulo akeake olembedwa. Musalione ngati gulu longoimba nyimbo ndi kuyenda pa mdipiti tsiku la chikondwerero. Ankasonkha ndalama, kuyendera odwala, kuika maliro a anzawo mwaulemu mumzinda womwe unali ndi dzenje lija, ndipo chachikulu kwambiri, anapeza zilolezo kwa mafumu zoti azitha kuimira membala wawo pamlandu. Bwana akamwalira atalemba mu wilu kuti kapolo wake amasulidwe koma ana ake nkukana, bungwe linkapita kukhothi. Bwana akafuna kugulitsa membala kunja kwa dziko, bungwe linkayesetsa kutchinga, kapena kusonkherana mtengo wake nkumuwombola. Kwa munthu yemwe lamulo linkamuwerenga pamodzi ndi katundu, kukhala ndi gulu lomwe lingatchule dzina lako pamaso pa woweruza sichinali chinthu chaching'ono.

Eni akapolo zinkawanyansa zimenezi, ankadandaula kuti akapolo ayamba mwano, mamembala achizungu nawonso sankafuna kugawana guwa ndi zopereka, milandu inachuluka, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 anthu akuda aja anataya malo awo ku São Domingos. Sanathe ayi, mabungwe otere anapitirira mmatchalitchi ena a mzindawo monga cha Graça, komwe mpaka lero kuli guwa lokhala ndi ziboliboli za oyera akuda, ndipo kachitidwe komweko kanawoloka nyanja kukazika mizu ku Brazil komwe matchalitchi a Kolona a anthu akuda alipo ambiri.

Nde onani kuvuta kwake, denga limodzi lomwelo, zaka zomwezo, wina akuweruzidwa chifukwa cha magazi a agogo ake, wina akupeza pothawira kuti asagulitsidwe. Sindikunena kuti chabwinocho chikufafaniza choipacho. Ansembewo ukapolo weniweniwo sanaugwetse, nyumba zambiri za zipani zinali ndi akapolo awo. Chomwe chinachitika nchakuti anthu oponderezedwa anapeza kampata kakang'ono mu dongosolo la mpingo nkukagwiritsa ntchito mwanzeru mpaka pomwe kanatsekedwa, ndipo ulemu upite kwa iwowo.

Chipani chomwechi chinafikanso kufupi ndi kwathu kuno. A Dominican achipwitikizi anakhazikika pachilumba cha Mozambique mu 1577, kenako ku Sofala, Sena ndi Tete, ndipo mmodzi wa iwo, João dos Santos, yemwe anayenda mu Zambezi cha m'ma 1590, analemba zambiri za anthu a mderali zomwe akatswiri a mbiri amagwiritsabe ntchito. Ndi iwo anabatiza Mavhura, mfumu ya Mutapa, ufumu wakale wa kummwera kwa Zambezi, yomwe Apwitikizi anaiika pampando mu 1629, ndipo pambuyo pake anafika mpaka ku Zumbo komwe Luangwa amathira mu Zambezi. Kumenekonso nkhani yake ndi yosakanikirana, ena anali alaliki, ena anasanduka eni minda ikuluikulu, akapolo ndi malonda a golide.

Nyumbayo payokha yagwa nkudzukanso kangapo. Chivomerezi cha pa 26 Januwale 1531 chinaiwononga kwambiri moti inachita kumangidwanso. Mu 1748 mmisiri wochokera ku Germany, João Frederico Ludovice, yemwenso anamanga nyumba yachifumu ya Mafra, anamanga mwatsopano mbali ya kuguwa lalikulu ndi miyala ya marble. Patangopita zaka 7, Loweruka pa 1 Novembala 1755, tsiku la Oyera Onse, cha m'ma 9:40 mmawa anthu ali ku Misa, nthaka inagwedezeka. Omwe anathawira kudoko poti kunali poyera anaona madzi akuphwera mpaka matope a pansi pa mtsinje kuonekera, kenako madzi aja nkubwerera mwamphamvu nkuwakokolola, ndipo makandulo ogwa ndi moto wa mmakhitchini zinayatsa mzinda kwa masiku angapo. Anthu masauzande ambirimbiri anafa. Ku São Domingos mbali yaikulu ya tchalitchi inagwa, zinapulumuka ndi mbali ya Ludovice ija ndi sakristiya. Pomanganso mzinda, motsogozedwa ndi nduna yamphamvu Sebastião José de Carvalho e Melo yemwe amadziwika kuti Marquês de Pombal, amisiri anatola zotsala kwina nkuzigwiritsa ntchito, moti khomo lalikulu lomwe anthu amalowera lero linachokera ku chapelo cha nyumba yachifumu ya Ribeira yomwe inagwa pa chivomerezi chomwecho.

Funso la chilango lija linabweranso. Wansembe wa chipani cha Jesuit, Gabriel Malagrida, wa ku Italy yemwe anagwira ntchito zaka zambiri ku Brazil, analalika ndi kulemba mu 1756 kuti chivomerezicho unali mkwiyo wa Mulungu pa machimo a Lisbon, chofunika nkulapa. Boma la Pombal linkalimbikira kuti chinali chachilengedwe, ntchito ndi kuika akufa, kudyetsa amoyo ndi kumanga. Awiriwa anadana koopsa, Malagrida anamangidwa pomuganizira kuti anali nawo pa chiwembu chofuna kupha mfumu José I mu 1758, kenako anaperekedwa ku Inquisition yomwe panthawiyo inali mmanja mwa mng'ono wake wa Pombal. Mu Seputembala 1761 nkhalamba ya zaka 72, yomwe mutu unali utasokonekera kale mndende, inawerengeredwa chigamulo ku São Domingos, inaphedwa pomangidwa chingwe pakhosi nkuwotchedwa pa Rossio. Amatchulidwa kuti ndi womaliza kuwotchedwa ndi Inquisition ku Portugal. Ulendo uno wolalika za chilango ndi amene anafa, ndipo khothi lomwe linapangidwira kusaka Ayuda obisala linali litasanduka chida cha ndale. Mwezi womwewo, pa 19 Seputembala 1761, kunatuluka lamulo loletsa kulowetsa akapolo atsopano mu Portugal, koma musaganize kuti chinali chifundo chokha, boma linkafuna kuti zombo zizipita nawo ku Brazil komwe kunali minda ndi migodi. Mu 1773 kusiyanitsa Akhristu akale ndi atsopano kunathetsedwa, Inquisition yeniyeniyo inadzatsekedwa mu 1821.

Ansembe eni ake anachoka mu 1834, mbali ya ma liberal, ofuna kuti mfumu izilamulira motsata malamulo oyendetsera dziko, itapambana nkhondo yapachiweniweni nkutseka nyumba zonse za zipani za amuna ndi kulanda katundu wawo, lamulo lomwe linakhudzanso a ku Zambezi aja. Nyumba yawo inagumulidwa, misewu ndi mashopu nkudutsa pomwe panali zipinda zawo, tchalitchi chokha nkutsala ngati parishi. Estaus inapsa mu 1836, ndipo pamalo pake pali nyumba ya zisudzo ya Teatro Nacional D. Maria II yomwe inatsegulidwa mu 1846. Poti São Domingos chinali chimodzi mwa matchalitchi aakulu kwambiri mumzinda, maukwati achifumu anabwera kumeneku, Pedro V ndi Estefânia mu 1858, Luís I ndi Maria Pia mu 1862, Carlos ndi Amélia mu 1886. Estefânia anamwalira patangotha chaka ali ndi zaka 22, ndipo chipatala cha ana cha ku Lisbon chimadziwika ndi dzina lake. Mchipatala chimenecho ndi momwe Jacinta Marto, mmodzi mwa ana atatu a ku Fatima aja omwe anati Amayi Maria anawaonekera, anamwalirira mu Febuluwale 1920, ndipo kolona yake ikusungidwa mu São Domingos pamodzi ndi theka la mpango womwe Lúcia, wina mwa ana atatuwo, anali nawo pa 13 Okutobala 1917. Akatolika ambiri amalowa mtchalitchichi chifukwa cha zimenezi, za 1506 osazidziwa nkomwe.

Moto wa 1959 unapeza zambiri zoti udye. Mkatimo munali maguwa osemedwa amatabwa okutidwa ndi golide, denga lamatabwa, nsalu, zojambula za Pedro Alexandrino de Carvalho, zonsezo zinapita, ndipo ozimitsa moto awiri anafera pantchito. Mwala wa laimu ndi marble ukapsa kwambiri umayamba kufumbutuka, ndipo ukathiridwa madzi ozizira uli wotentha umang'aluka nkusweka mmbalimmbali, nchifukwa chake zipilala zikuoneka chonchija. Kwa zaka zambiri tchalitchi chinangokhala ndi denga logwirizira. Chinatsegulidwanso mu 1994, ndipo okonza anamanga denga latsopano lopanda zokongoletsa, koma makoma, zipilala ndi pansi pong'aluka anazisiya mmene moto unazisiyira. Ine ndimaona kuti anachita bwino. Kuyesa kubwezeretsa zonse mwakale kukanakhala kupeka chabe, matabwa osemedwa ndi manja a anthu a m'ma 1700 akapsa apsa, ungapange ofanana nawo koma sangakhale omwewo, ndipo munthu wolowa kudzapemphera ali ndi ufulu wodziwa chomwe ndi chakale ndi chomwe ndi cha dzulodzuloli.

Kuvomereza kulakwa ndiye kunachedwa kwambiri. Mu 2000 mkulu wa mpingo wa Katolika ku Lisbon, José Policarpo, anaima pabwalo lomweli pamaso pa atsogoleri achiyuda nkupepesa poyera chifukwa cha kubatiza kokakamiza, chipolowe chija ndi Inquisition. Mu Epulo 2008 panakhazikitsidwa chikumbutso, mwala wozungulira wodulidwa wokhala ndi nyenyezi ya Davide, wolembedwa za Ayuda omwe anaphedwa pa chipolowe chomwe chinayambira pabwaloli pa 19 Epulo 1506, ndipo pamenepo palinso vesi la Yobu 16:18 lija lopempha nthaka kuti isakwirire magazi ake. Pafupi pake pali chikumbutso cha Akatolika chokhala ndi mau a Policarpo, komanso khoma lolembedwa mzinenero 34 kuti Lisbon ndi mzinda wololerana. Zaka 502 zinadutsa kuti mwala umenewo uime.

Anthu akuda nawo pabwaloli alipobe. Masana aliwonse mupeza abambo ndi amayi ochokera ku Guinea-Bissau ndi maiko ena a ku Africa atakhala mmbali mwa khoma lija, ena atavala mikanjo yaitali, ambiri ndi Asilamu, ena akugulitsa mtedza wa kola ndi tsabola, ena akufunsana za ganyu, za mapepala, za yemwe akupita kumudzi woti amupatsire katundu. Pakona pake pali kabala kakang'ono ka A Ginjinha komwe kakhala kakugulitsa mowa wa matcheri kuyambira 1840, alendo odzaona malo amaima pamzere pamenepo nkumamwa ali chiimire, mapazi ochepa kuchokera pa nyenyezi ija.

Mbiri ya anthu akuda ndi yomwe inatsalira kupeza chizindikiro chake mpaka posachedwapa. Mu Januwale 2024, kudzera mu ntchito ya bungwe la Batoto Yetu Portugal, mumzinda munaikidwa zikwangwani zofotokoza malo omwe ali ndi mbiri ya anthu a ku Africa, ndipo pa Largo de São Domingos panaikidwa chiboliboli cha Pai Paulino. Dzina lake lenileni anali Paulino José da Conceição, munthu wakuda wobadwira ku Bahia ku Brazil mu 1798, yemwe ankapaka laimu nyumba za mu Lisbon, anali mmabungwe a mpingo a anthu akuda, ndipo ankadziwika poimira anzake akakhala pamavuto mpaka imfa yake mu 1869. Anachisema ndi Frank Ntaluma, mmisiri wa ku Mozambique.